Ndakwanitsa zaka 32 koma mtima sukukhazikika, inu zikukuyenderani bwanji?

Nyenyezi_93
Abale, ndili ndi funso ndipo chonde musandiseke. Mwezi wathawu ndakwanitsa zaka 32. Ntchito ndili nayo, si yoipa, malipiro amabwera pa nthawi yake. Sindili pabanja. Chibwenzi chimene ndinali nacho chinatha chaka chatha mwamtendere, popanda kutukwanizana. Ndimakhala nyumba ya renti. Kunena zoona palibe chalakwika kwenikweni. Koma ndikangozimitsa magetsi usiku mutu umayamba kuwerengera anthu: uyu wamanga nyumba, uyu ana awiri, uyu wakwezedwanso, uyu anasiya ntchito n'kutsegula kampani yake. Ine ndili pomwe ndinali ndili ndi zaka 27, kusiyana kwake n'kwakuti tsopano msana umapweteka.

Chimene chikundisautsa kwambiri n'chakuti sindikudziwanso ngati zinthu zimene ndikudandaula kuti ndilibezo ndimazifunadi ine mwini, kapena ndikungozifuna poti anzanga ali nazo. Inu amene mwangolowa kumene m'zaka za m'ma 30, kodi nanunso zimakuchitikirani? Ntchito, chikondi, anzanu, zili bwanji?

Kalulu_Wotopa
Za msanazo ndiye tilipo ambiri. Takulandirani, mpando ndi uwo, mukhale pang'onopang'ono kkkk.

Gologolo
Achemwali, chotsani Instagram ndi LinkedIn pa foni kwa mwezi umodzi, mudzatiuze. Matenda anuwo akuchokera mmenemo.

Nyenyezi_93
@Gologolo ndinachotsapo kale. Makadi a ukwati amandipezabe. Ndipo amayi anga sali pa Instagram koma amadziwa aliyense amene wabereka chaka chino, ndi dzina la mwana lomwe.

Wamanambala
Tiyeni tiwerengere limodzi zaka, mwina mtima ungatsikeko. A bungwe la Pew Research Center amati ma millennial ndi obadwa kuyambira 1981 mpaka 1996, ndiye ife a zaka 31, 32, 33 tili kumchira kwa gululi. Tengani munthu wobadwa mu 1993. Chuma cha dziko lonse chitagwedezeka mu 2008 anali ndi zaka 15, sanamve kuwawa iye mwini koma anakula akumva akuluakulu akudandaula za ntchito. Sukulu wamaliza cha m'ma 2015, wayamba ndi timakontrakiti ta miyezi yochepa, kwina kugwira ulere ati akuphunzira ntchito. Pomwe amati ayambe kuima payekha, mu 2020, kwagwa COVID-19. Zaka zimene munthu amakwezedwa, amadziwana ndi anthu, amapeza chibwenzi, iye anazithera m'nyumba. Matenda atachepa, mu 2022 zinthu zinakwera mtengo pafupifupi kulikonse, mabanki akuluakulu n'kukweza chiwongoladzanja, ngongole yogulira nyumba n'kukhala yosayandikirika. Kumapeto kwa chaka chomwecho kwatulukira ChatGPT, pulogalamu ya pa kompyuta yolemba ndi kuyankha mafunso ngati munthu, ndipo lero m'maofesi ambiri anthu akunong'onezana kuti kaya ntchito yawo idzakhalapobe zaka khumi zikubwerazi.

Koma ndandanda imene tili nayo m'mutu, yakuti maliza sukulu, peza ntchito yokhazikika, kwatira, manga, bereka, zonse usanafike 30, inalembedwa nthawi imene munthu ankalowa ntchito pa kampani imodzi n'kudzatulukapo ndi penshoni. Tikudziyeza ndi muyezo wa anthu amene anakhala m'nyengo ina.

TsabolaWakale
Ine ndili ndi zaka 48, m'gulu muno anandilowetsa ndi mng'ono wanga, ndiye mundikhululukire polowerera. @Wamanambala zaka mwaziwerenga bwino, koma musamanene ngati ife ndi makolo athu tinadutsa mofewa. M'badwo uliwonse umaganiza kuti ndiwo woyamba kuvutika. Anthu amene mukuti anakhala pa kampani imodzi zaka 30 aja, ambiri sanakhale chifukwa chokonda. Kunalibe kwina kopita. Amayi ambiri amene anakwatiwa ali ndi zaka 20 sanafunsidwe n'komwe ngati akufuna sukulu. Inu muli ndi ufulu umene iwo ankaulakalaka, ndiye mukulira nawo ufuluwo.

Wamanambala
@TsabolaWakale akulu, sindinanene kuti kale kunali kofewa. Ndikunena kuti dongosolo la zinthu linasintha koma mafunso amene timafunsidwa sanasinthe. Chitsanzo, ku America m'zaka za m'ma 1950 akazi ankalowa m'banja koyamba ali ndi zaka pafupifupi 20, amuna cha m'ma 23. Lero ndi cha m'ma 28 kwa akazi ndi 30 kwa amuna. M'mayiko ambiri zaka zolowera m'banja zakwera, makamaka kwa amene apita patali ndi sukulu. Mpaka katswiri wina wa zamaganizo, Jeffrey Arnett, mu 2000 analemba kuti pakati pa unyamata ndi ukulu pabadwa nyengo ina yatsopano, pamene munthu si mwana koma sanakhazikikenso. Ndiye munthu wa zaka 32 wosakwatiwa si wochedwa monga mmene azakhali ake akuonera.

TsabolaWakale
Apo ndiye tamvana. Koma azakhali aja sawerenga Arnett, mudzawayankhabe nokha.

MayiWaAwiri
@Nyenyezi_93 achemwali, ndikuuzeni za mbali inayi. Ine ndili ndi zaka 33, ndinakwatiwa ndili ndi 26, ana awiri, bambo awo ndi munthu wabwino. Pa ndandanda ija ndine amene ndinakhoza mayeso. Koma pali masiku ndimalowa kubafa, n'kukhoma chitseko, n'kukhala pansi osasamba n'komwe, kungofuna mphindi zochepa popanda wondiitana. Wamng'onoyo amagona pansi kunja kwa chitseko n'kulowetsa tizala pansi pake, kumati "amama muli?" Ndimaseka, nthawi zina ndimalira, kenako ndimatsegula.

Digiri yachiwiri imene ndinkati ndidzachita ili pomwepo. Anzanga amene tinayamba ntchito limodzi anandipitirira nthawi imene ndinali pa tchuthi cha uchembere, ndipo palibe amene anachita zoipa, ntchito sidikira munthu basi. Ndikamaona zithunzi za anthu ngati inu mukupita kumene mukufuna Loweruka osapempha wokusungirani ana, nanenso ndimawerengera usiku. Anawa sindingawasinthanitse ndi chilichonse, koma musaganize kuti kuno mitima inakhazikika.

Nyenyezi_93
@MayiWaAwiri tizala pansi pa chitseko tandipweteka mtima komanso tandiseketsa. Zikomo ponena zoona. Anzanga apabanja ambiri akamandiuza amangoti "ndi madalitso", nkhani n'kuthera pomwepo.

Chiphaliwali
Ine nkhani ya banja ndiisiye kaye, ndilankhule za ntchito. Chimene chinandidzidzimutsa pa zaka 31 si kusakwezedwa. Kunali kuyang'ana bwana wanga n'kuzindikira kuti ndikalimbikira kwambiri, mphoto yake ndi kukhala iyeyo. Bambo ameneyu amadya masana ali chiimire pafupi ndi makina osindikizira, foni ataipanikiza paphewa. Mauthenga ake amabwera pakati pa usiku ndipo m'mawa amakhala woyamba kufika. Tsiku lina ndinamumva akufunsa mkazi wake pa foni kuti mwana wawo ali kalasi yanji chaka chino. Sanali kuseka.

Tili m'zaka za m'ma 20 tinkathamanga osafunsa kuti njirayi ikupita kuti, bola kutsogolo. Pano ndikuona kumene ikupita ndipo sindikufunako. Koma nanga ndikhotere kuti? Zimene ndimadziwa ndi zomwezi.

Gologolo
Siyani muyambe bizinesi yanu amwene. Moyo ndi umodzi.

Chiphaliwali
@Gologolo renti mudzandilipirira ndinu? Anthu amene amati "ingosiyani" nthawi zambiri ali ndi kogwera. Ine ndikagwa ndigwa ndi anthu anayi amene amadalira malipiro angawa.

MwanaWachisamba
@Chiphaliwali mwakhudza pachilonda. Nkhani zambiri zimene timawerenga za msinkhu wathu zimalembedwa ngati munthu ali yekha ndi maloto ake. Ena a ife tili pakati: kumwamba makolo ayamba kudwaladwala, kumunsi azing'ono athu akadali pa sukulu. Malipiro akalowa amakhala atagawidwa kale asanafike. Ndiye ukamva mnzako akuti wasunga ndalama zogulira malo, umadziona ngati wosasamala, chonsecho ndalama yako inaphunzitsa anthu awiri. Palibe amene amajambula chithunzi cha lisiti la fizi ya mng'ono wake n'kuika pa intaneti.

Ndipo za makolozi zimabwera mwakachetechete. Bambo anga ndi amene ankandidzazira mafomu onse ndili mwana. Ulendo wathawu anandipatsa pepala la kuchipatala, n'kunena kuti "tawerenga iwe, zilembo zake n'zazing'ono." Magalasi anali nawo kumaso. Sanafune kumva okha zimene zalembedwazo.

Kadzidzi
Eee. Pepani achimwene. Akupeza bwanji pano?

MwanaWachisamba
Akumwa mankhwala, zikuyenda. Zikomo pofunsa.

Namwino_Usiku
@Chiphaliwali musanaganize zosiya kapena kukhala, dzifufuzeni kaye ngati ndi ntchitoyo imene simukuifuna kapena mwangotheratu mphamvu. Ziwirizi zimaoneka zofanana koma mankhwala ake ndi osiyana. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO mu 2019 linafotokoza kutopa kotereku ngati vuto lochokera ku nkhawa ya kuntchito imene yakhala nthawi yaitali osathetsedwa, ndipo linatchula zizindikiro zitatu: kumva kuti mphamvu zatheratu, kuyamba kuipidwa ndi ntchito kapena kuigwira mtima uli kutali, ndi kuona kuti sukuchitanso bwino ngati kale. Munthu wotere ngakhale mutamupatsa ntchito ya maloto ake, pakatha miyezi ingapo adzadana nayonso ngati kagwiridwe kake ndi komweko. Tengani tchuthi chenicheni, chozimitsa foni ya kuntchito. Mukabwerako muli ndi mphamvu koma mtima ukukanabe, ndiye kuti vuto ndi njirayo.

Chiphaliwali
Tchuthi chozimitsa foni kkkk. Asisi, inu simumudziwa bwana wanga.

Namwino_Usiku
Ndiye yankho mwalipeza kale. Vuto mwina si ntchito yanu, ndi ofesi imeneyo. Luso lomwelo kwina amaligwiritsa ntchito anthu n'kumaweruka dzuwa likadalipo.

Kalulu_Wotopa
Poti a namwino mwabwera, tandithandizeni za msana zija, sindimaseka ayi. Ndigule mpando wina kapena matiresi?

Namwino_Usiku
Musanagule kanthu, muzidzuka pa mpandowo pafupipafupi n'kuyendako, ndipo yambani masewera olimbitsa minofu ya pamimba ndi kumsana. Misana yambiri ya anthu a m'maofesi imapweteka chifukwa chokhala malo amodzi tsiku lonse. Koma ululu ukamatsikira kumwendo, kapena mwendo ukamachita dzanzi kapena kufooka, pitani kuchipatala, musafunse pa gulu.

Gologolo
Ine ndinagula tebulo loimirira lija. Pano ndimaikapo zovala.

Mlonda
Abale, za misana mutsegulire nkhani yakeyake. Tibwerere ku funso la @Nyenyezi_93.

Kadzidzi
Ine chimene chimandiwawa pa msinkhu uno palibe wachitchula: anzanga anatha popanda kukangana. Tinali gulu, tinkaonana pafupifupi tsiku lililonse. Lero tili ndi gulu la pa WhatsApp limene limadzuka pa tsiku lobadwa la munthu, aliyense n'kuponya kachithunzi ka keke, n'kugonanso. "Tionane posachedwa" tanena mpaka mawuwo anatha mchere.

Ndinawerengapo za kafukufuku wa Jeffrey Hall wa pa yunivesite ya Kansas. Iye anapeza kuti pamafunika maola pafupifupi 50 muli limodzi kuti munthu wongodziwana naye akhale mnzako wapatalipatali, cha m'ma 90 kuti akhale mnzako weniweni, ndi opitirira 200 kuti akhale wa pamtima. Ndipo maola ogwira ntchito limodzi sawerengedwa mofanana ndi maola ongocheza. Kusukulu maola 200 ankakwana osadziwa n'komwe, chifukwa munkagona malo amodzi, kudikira mphunzitsi limodzi, kusowa chochita limodzi. Pano uwapeza kuti? Mukamaonana maola awiri pa mwezi, 200 akwana patatha zaka zoposa zisanu ndi zitatu. Ndiye anthu amadabwa kuti bwanji kupeza mnzako watsopano pa zaka 32 n'kovuta. Si kuti anthu aipa mtima, nthawi yongokhala osachita kanthu ndi imene inatha.

MayiWaAwiri
@Kadzidzi ife apabanja timaimbidwa mlandu kuti tinataya anzathu. Koma nanunso munasiya kutiitana. Mwina tikanakana, koma kuitanidwa kokhako kumasangalatsa.

Kadzidzi
Munthu ukakanidwa kangapo umayamba kuona ngati ukuvutitsa, mayi. Koma ndamva. Chimene chatithandiza ine ndi mnzanga mmodzi ndi kusiya kupangana za "tsiku lina". Tinasankha Lamlungu loyamba la mwezi, m'mawa, timayenda wapansi. Palibe kufunsana kuti kodi uli ndi mpata, tsikulo ndi lathu kale. Iye amabwera ndi mwana kumbuyo nthawi zina. Nkhani zenizeni zimatuluka titayenda kale mtunda, poyamba timangokamba zachabechabe.

Wamanambala
Pali kafukufuku wa ku yunivesite ya Harvard ku America amene anayamba mu 1938 ndipo akupitirirabe mpaka lero. Anatsatira anthu 724 kuyambira ali achinyamata mpaka kukalamba, kenako anawonjezera akazi awo ndi ana awo. Chachikulu chimene amene akuyendetsa kafukufukuyu, Robert Waldinger, amabwereza n'chakuti ubale wabwino ndi anthu ndi umene umayenderana kwambiri ndi thanzi ndi chimwemwe pa ukalamba, kuposa chuma kapena kutchuka. Ndiye zimene akuchita @Kadzidzi Lamlunguzo si zocheza chabe.

Gologolo
Anthu 724 aja onse anali amuna, ndipo ena mwa iwo ophunzira a ku Harvard. Munthu wa ku Harvard akandiuza kuti ndalama si kanthu ndimamuyang'ana kawiri.

Wamanambala
Zoona anali amuna okhaokha pachiyambi. Koma ambiri mwa iwo, 456, anali anyamata ochokera m'mabanja osauka a mumzinda wa Boston. Ndipo palibe wanena kuti ndalama si kanthu. Ngongole imawononga mabanja ndi maubwenzi omwe. Akunena kuti ndalama zokha sizikwanira.

Poti tafika pa ndalama, chinthu chimodzi chimene ndikanakonda aliyense wa msinkhu wathu atachidziwa ndi kawerengedwe ka 72. Gawani 72 ndi chiwongoladzanja cha pa chaka, mupeza zaka zimene ndalama imatenga kuti ichuluke kawiri. Pa 8 peresenti ndi zaka 9. Munthu wa zaka 32 ali ndi zaka pafupifupi 30 asanapume pa ntchito, ndiye ndalama imene wasunga lero ikhoza kuwirikiza katatu konse, kutanthauza kuchuluka kasanu ndi katatu. Wa zaka 45 mwayi umenewo alibe. Pa nkhani imeneyi sitinachedwe ngakhale pang'ono.

MwanaWachisamba
Kawerengedwe komweko kamagwiranso chobwerera m'mbuyo, akulu. Zinthu zikamakwera mtengo ndi 12 peresenti pa chaka, ndalama yanu imatsala theka la mphamvu yake pa zaka 6. Komanso ngongole ya katapira imawirikiza ndi masamu omwewo. Ena a ife tiyambe tatuluka kaye m'dzenje.

Wamanambala
Palibe chotsutsa. Ngongole ya chiwongoladzanja chachikulu ndiyo yoyamba kuphedwa, kusunga kumabwera pambuyo.

Nyenyezi_93
Ndikuwerenga zonse. Koma palibe wandiyankha za chikondi, kupatula @MayiWaAwiri. Inu osakwatira ndi osakwatiwa muli kuti? Kupeza munthu pa msinkhu uno kukukhala ngati intavyu ya ntchito. Tsiku loyamba lomwe munthu akufunsa kuti ukufuna ana angati, uli ndi ngongole kapena ayi.

Chiphaliwali
Ine mafunso amenewo ndimawakonda. Tili ndi zaka 24 tinkatha zaka zitatu ndi munthu osafunsana chilichonse chofunika, n'kudzadabwa kumapeto kuti wina safuna ana, wina akufuna kukakhala kunja. Pano mwezi umodzi umadziwa. Chimapweteka msanga koma chimapolanso msanga.

Gologolo
Vuto ndi mafoni. Chiyambireni Tinder, pulogalamu ya pa foni yopezera zibwenzi, mu 2012 aliyense akuganiza kuti wabwino koposa ali pa chithunzi chotsatira. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Munthu akangotafuna mokweza pang'ono, basi, wotsatira.

Kadzidzi
Si mafoni okha. Pa zaka 32 munthu wazolowera moyo wake: nthawi yogona, kagwiritsidwe ka ndalama, kachetechete wa m'nyumba mwake. Kulowetsamo munthu wina ndi ntchito yaikulu kuposa pamene unalibe chilichonse choteteza. Ena timati sitinapeze woyenera, chonsecho sitikufuna kusuntha ngakhale mpando umodzi.

Namwino_Usiku
@Nyenyezi_93 ndinene chinthu chimodzi chimene anthu amachizemba kapena amachinena moopseza. Pa zonse zimene mwatchula, nyumba, kukwezedwa, kampani, ngakhale ukwati, palibe chimene chili ndi malire a zaka. Chokhacho chimene thupi lili ndi nthawi yake ndi kubereka. Kwa akazi mphamvu yobereka imayamba kutsika pang'onopang'ono cha kumayambiriro kwa zaka za m'ma 30, ndipo imatsika mofulumirirapo munthu akadutsa cha m'ma 37. Si kuti pa tsiku lokwanitsa 35 chitseko chimatsekeka, amayi ambiri amabereka bwinobwino atadutsa pamenepo. Koma madokotala amalangiza kuti osakwana 35 akayesa chaka chathunthu osatenga pakati akaonane ndi dokotala, ndipo opitirira 35 asadikire chaka, miyezi 6 yakwana. Abambo nawonso musakhale phee, umuna umasintha ndi zaka, ndipo pa mabanja ambiri ovutika kubereka vuto limapezekanso kwa mwamuna. WHO inanena mu 2023 kuti pafupifupi munthu mmodzi pa 6 aliwonse amakumana ndi vutoli pa moyo wake.

Sindikunena kuti thamangani. Ndikunena kuti pa mafunso anu onse, ili ndi limene likufunika kuti mudziyankhe moona mtima msanga: mwana mukumufuna kapena ayi?

Gologolo
Mwayambatu kuopseza munthu. Azakhali ake akuchita kale ntchito imeneyo.

Namwino_Usiku
Azakhali amati "ukwatiwe". Ine ndati "dziwa chimene ukufuna". Akayankha kuti safuna mwana, nkhani yatha ndipo palibe cholakwika. Choipa ndi kufuna, n'kumadzinamiza kuti nthawi ilipo yopanda malire, kapena kulowa m'banja ndi munthu wolakwika chifukwa cha mantha. Onse awiri ndimawaona kuntchito kwanga.

MayiWaAwiri
Ndikugwirizana ndi a namwino. Ndipo mwana sakonza banja lodwala, amangoonetsa poyera pamene panali mng'alu.

TsabolaWakale
Ndabweranso, ndinali ndikuwerenga mwakachetechete. @Nyenyezi_93 mwana wanga, ndikuona kuti chikukuvutani si kuchedwa. Muli ndi zaka 25 munkatha kukhala chilichonse: mukanatha kusintha ntchito, kupita dziko lina, kukwatiwa ndi uyu kapena uyo, kubwerera kusukulu. Simunachite zonsezo, koma kudziwa kuti n'zotheka kunkakusangalatsani. Pa zaka 32 mwayamba kuona kuti mukasankha chimodzi, zina zikutsala, ndipo zina sizidzabweranso. Anzanu amene mukuwawerengera usiku aja, aliyense anasankha chimodzi n'kutaya zina. Womanga nyumba uja sakuyenda. Wa kampani uja sagona. @MayiWaAwiri wakuuzani yekha za digiri yake. Koma inu m'mutu mwanu mwawaphatikiza onse kukhala munthu mmodzi amene ali ndi nyumba, ana, kampani ndi udindo, ndiye mukupikisana ndi munthu amene kulibe.

Ndipo kusasankha nakonso kumatseka zitseko, kungoti kumatseka osakufunsani. Ine ndinasintha ntchito ndili ndi zaka 36, n'kuyambiranso pansi, wondiyang'anira anali mwana wa zaka 28. Zinandiwawa chaka choyamba. Lero ndi ntchito imene anthu amandidziwa nayo, moti ambiri sadziwa kuti ndinagwirapo ina. Koma ndinataya zaka za penshoni ndipo anzanga a ntchito yakale ali patsogolo panga pa chuma mpaka lero. Zonse ziwiri n'zoona, sindikubisirani chimodzi.

Chiphaliwali
@TsabolaWakale akulu, munasiya kaye kenako n'kuyamba kuphunzira, kapena munkaphunzira muli pa ntchito?

TsabolaWakale
Ndinali ndi ana, ndikanasiya bwanji? Ndinkaphunzira usiku ndi Loweruka. Kalata yosiyira ntchito ndinaipereka nditagwira kale kalata ya ntchito yatsopano m'manja.

Nyenyezi_93
@TsabolaWakale bambo, za munthu amene kulibeyo zandilowa. Ndatenga pepala n'kulemba zonse zimene ndimawerengera usiku zija, n'kumadzifunsa chimodzichimodzi kuti pakanakhala palibe wondiona, ndikanachifunabe? Kampani yangayanga ayi, sindinaifunepo, ndimakonda kuweruka n'kuiwala za ntchito. Nyumba inde, koma osati chaka chino kapena chamawa, ndipo sizikundipweteka. Udindo wa bwana wanga ayi, koma pali dipatimenti ina imene ndakhala ndikuisirira ndipo sindinauzepo aliyense. Pa mwana ndiye cholembera chinaima. Ndikuganiza kuti yankho ndi inde, ndipo zandiopsa kuposa mmene ndimayembekezera, chifukwa chimenecho sindingachikonze ndi kulimbikira ngati mmene ndimachitira ndi zinazi.

@Namwino_Usiku, kodi munthu amene sanayambe kuyesa angathe kupita kukayezetsa kuti angodziwa mmene alili?

Namwino_Usiku
Angathe. Dokotala wa amayi akhoza kuyeza magazi, pali kuyeza kotchedwa AMH, komanso kuunika ndi sikani kuti aone kuchuluka kwa mazira otsala. Koma mudziwiretu kuti zimenezi zimaonetsa kuchuluka, sizinena za ubwino wa mazirawo ndipo sizilosera ngati mudzatenga pakati kapena ayi. Anthu ena amatuluka ndi mantha osafunika, ena ndi chilimbikitso chabodza. Mupite kwa dokotala amene adzakhale nanu pansi n'kukufotokozerani, osati kungokupatsani pepala la manambala.

Gologolo
Za dipatimenti inayo musauze bwana wanu kaye. Akadziwa kuti mtima uli kwina ayamba kukuikani pambali.

Chiphaliwali
Ayi, zimatengera bwana. Kusamuka mkati mwa kampani nthawi zambiri kumadutsa kwa iye yemweyo, ndiye akamva kwa ena zimaipa kwambiri. Yambani mwacheza ndi munthu wa ku dipatimentiyo, mudziwe ngati kuli malo ndi luso limene amafuna. Mukaona kuti n'zotheka, pamenepo muwauze bwana anu nokha asanamve mphekesera.

Gologolo
Inuyo amene bwana wanu sakudziwa kalasi ya mwana wake ndi amene mukulangiza anthu kuti azikhulupirira mabwana?

Chiphaliwali
Wanga ndi wanga. @Nyenyezi_93 sanadandaulepo za wake. Achemwali, bwana wanu ndi wotani, amasangalala anthu ake akamakwera kapena amawagwira mwendo?

Nyenyezi_93
Anthu awiri anasamukapo m'manja mwake chaka chatha. Mmodzi anamulembera kalata yomuyamikira, winayo mpaka lero sapatsana moni pa khonde. Ndiyamba ndafufuza kuti awiriwa anasiyana pati.